Gogoda Yanga ndi Galimoto ya ku Telford

Amuna anga atayamba kuimba mluzu m'bafa, ine ndinachita mantha. Munthu amene wakhala chete miyezi yambiri sangoyamba kuimba popanda chimene chamulowa m'mutu, ndipo ndinkadziwa kuti chinthucho, kaya n'chiyani, chidzafuna ndalama.

Munali mu 2006. Tinkakhala ku Oldbury, m'kanyumba ka lendi kamene khoma lake la kukhitchini linkachita thukuta nthawi yozizira. Ine ndinali namwino pachipatala china cha boma ku Birmingham. Ndinabwera ndekha poyamba, kenako iwo ananditsatira ndi ana athu awiri. Ku Lilongwe anali mkulu wa amakaniko pagalaja ina yaikulu, munthu woti akamva galimoto ikulowa pageti ankatchula matenda ake mwiniwake asanatsike. Kuno anawauza kuti mapepala awo sakuwadziwa. Ntchito imene anapeza inali yonyamula makatoni m'chinyumba chosungira katundu ku Telford, kapitawo wake mnyamata wa msinkhu wa mng'ono wawo wotsiriza. Zikhadabo zawo zija ndinkazidandaula kwathu chifukwa cha girisi zinayera mbee, ndipo ndinayamba kuzisowa zakudazo.

Sankalalata, sankamwa. Ankangokhala. Tsiku lina ndikuvula nsapato za kuntchito anandiuza, maso ali pakanema, kuti, "Mayi, kuno ine ndimangodikira kuti inu muweruke. Chaka chino chikatha chonchi, ine ndibwerera kumudzi." Sananene mokwiya. Bola akanakwiya, chifukwa mkwiyo umatha. Kuyambira pamenepo ndinkagwira ntchito m'wodi mtima uli kunyumba, ndikuganiza za ana, za sukulu yawo, ndi za amayi anzanga akutchalitchi amene amuna awo anapita kukangoona kumudzi osabwereranso.

Choimbitsa mluzu chija chinadziwika madzulo ena titatha kudya. Anayala patebulo nyuzipepala ya malonda a galimoto n'kuika chala pakachithunzi kosaoneka bwino. Inali galimoto ya ku Amerika ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, yazitseko ziwiri, boneti yake yaitali ngati bedi, injini ya masilinda asanu ndi atatu. Azungu ena amazikonda koopsa galimoto zoterezi. Dzina limene amazitcha limatanthauza kuti ndi galimoto zaminofu, ndipo nthawi yotentha amasonkhana m'mabwalo kumangozizungulira, maboneti ali otsekula.

"Iyi yangokhala m'galaja osayenda," anatero. "Mwiniwake wakalamba. Akuti eight thousand, koma ndikalankhula naye afika pa six. Ndikaigwira ine miyezi ingapo, summer ikubwerayi ndipita nayo ku ma show. Ogula alipo. Anthu akaona manja anga ayamba kundibweretsera zawo."

"Six thousand yake iti?"

"Ya makatoni ija. Pang'ono mundiwonjezera pa deposit."

Ankanena ndalama zimene tinkasunga kuti tidzagulire nyumba, zimene ndinazipeza pogwira mashifiti owonjezera mpaka miyendo kutupa. Mawu anafika pakhosi. Galimoto ya zaka zambiri kuposa mng'ono wanga, yomwa petulo ngati ng'ombe pamtsinje, m'dziko limene ngakhale poimika galimoto amalipiritsa! Koma nditawayang'ana kumaso ndinaona munthu amene ndinakwatiwa naye, amene ndinali nditaiwala maonekedwe ake. Ndinagwira njakata. Kukana kunali kuwasonyeza njira ya kubwalo la ndege, kuvomera kunali kutaya nyumba. Ndinanena kuti tikaione kaye.

Kwathu chinthu chachikulu sagula munthu mmodzi. Wogula amatenga mnzake wokanyoza katundu. Wina akamayamikira, mnzakeyo amagwedeza mutu, kutsonya, kuloza apa ndi apo, mpaka wogulitsa atafooka. Ku Lilongwe amuna anga ankatenga msuweni wawo, bambo wa pakamwa poti akhoza kunyoza ngakhale galimoto yotuluka kumene m'sitolo. Kuno msuweni kunalibe, ndiye udindo unagwera ine. Anandiphunzitsa m'khitchini momwemo, ine ndikutsuka mbale.

"Inu ntchito yanu ndi kukana basi. Ndikamayamikira, muzinyinyirika. Mukaona ndayamba kufewa, munyamule handbag munene kuti tiyeni tizipita. Muzilankhula Chichewa, mzungu amamva nkhope. Ine ndizikhala ngati sindikukumvani, mwinanso ndikukalipirani pang'ono. Musasiye."

"Ndiye kuti mwandilemba ganyu yokhala mkazi wovuta?"

"Imeneyo mumaitha kale," anatero, n'kuseka. Ndinawaponyera kansalu kopukutira mbale.

Tinapita Lamlungu titaweruka kutchalitchi, ana titawasiya kwa amayi ena a m'kwaya. Iwo anali mu suti yawo yotuwa, m'thumba muli tochi, sikuludiraiva ndi kansanza. Ine ndinali mu diresi la chitenje ndi gogoda zanga zakuda, chifukwa palibe anandiuza kuti kogula galimoto kumafuna nsapato zina. Njira yonse iwo ankandifotokozera mmene mtengo wa galimoto zotere umayendera. Ankati chachikulu ndi nambala: ngati nambala ya pa injini ikugwirizana ndi ya pathupi, ndiye kuti injiniyo ndi imene inabadwa nayo, ndipo mtengo umakwera. Mipando ikakhala yake yeniyeni, umakweranso. Penti yatsopano isakunamize. Ine ndinkangoti eya, eya, maso ali pamsewu, ndikupemphera pemphero losokonekera loti galimotoyo ikakhale yabwino kwambiri kapena yoipa kwambiri, isakakhale pakati.

Mwini galimotoyo anali mdala wachizungu woyenda ndi ndodo, wokhala yekha kumapeto kwa nyumba zofanana zija za ku Telford. Anatipatsa moni mwaulemu, n'kutitsogolera kuseri, kumene kunali mzere wa magalaja ndi kamsewu ka konkire. Anatiuza kuti anagwira ntchito m'fakitale moyo wake wonse, kuti galimotoyo anaigula ali ndi mphamvu zake, ndipo chiuno chitayamba kuvuta analeka kuiyendetsa. Ankangobwera kudzailiza ndi kuipukuta. Atatsekula chitseko cha galaja, ndinamva amuna anga akupuma mokoka.

Ndisaname, inali yokongola. Yofiira piriwiri, mizere iwiri yakuda kuchokera kumphuno mpaka kumbuyo, zitsulo zake zowala ngati sefuliya zatsopano. Mpaka ndinaiwala ganyu yanga. Amuna anga anandiponda chala, ndiye ndinakwinya nkhope n'kunena kuti yakula kwambiri, kunyumba tilibe poiika. Mdala uja anandiyang'ana, kenako anayang'ana pansi.

Amuna anga anavula jekete n'kundipatsa. Asanalole kuti ilizidwe anayamba agwira injini ndi dzanja kuti aone ngati inali yozizira, chifukwa wogulitsa wochenjera amaiotcheratu ogula asanafike. Inali yozizira. Anatsekula pothirira oyilo n'kusuzumira, kufuna kuona ngati munali zoyera zangati chambiko, zimene zimasonyeza kuti madzi akulowa kosayenera. Munalibe. Anapukuta kachitsulo ka nambala ndi kansanza kaja, kuwalitsa tochi, kupita pakhomo la woyendetsa, kubwereranso ku injini, milomo ikuyenda. Kenako anandiyang'ana n'kutsinzina diso limodzi. Nambala zinagwirizana.

Italira, ndinamva phokoso lake m'chifuwa. Galaja yonse inanjenjemera. Iwo anaika nsonga ya sikuludiraiva pa injini, chogwirira chake pakhutu, maso atatseka. Anasuntha apa, kumvetsera, kusuntha apo. Anapita kumbuyo kukaona utsi, kuupaka pachala, kununkhiza. Anagogoda m'mbali monse ndi zala kufuna pamene panamatidwa pambuyo pa ngozi. Anakankhira pansi ngodya iliyonse kuti aone mmene masipuling'i akubwezera. Pomaliza anagwada bondo limodzi, kuwalitsa tochi kunsi, n'kudzuka akusasa thalauza. "Kunsiku anachita kupaka phula lakuda, kuli bwino," anatero. Mdala uja ankawayang'ana ndi ulemu umene ndinali ndisanauone pankhope ya munthu wa kuno akamayang'ana amuna anga. Anafunsa kumene anaphunzira ntchito, ndipo iwo anayankha atawongoka.

Galimotoyo inalibe mapepala oyendera pamsewu, choncho anagwirizana zoiyesa pakamsewu ka kuseri kaja. Anandiuza kuti ndikwere. Ndinapita kukhomo la kumanzere mwachizolowezi n'kupeza chiwongolero chikundiyang'ana, poti za ku Amerika zimakhala mbali imeneyo. Tonse tinaseka, ndipo ndinazungulira. Mdala anatsala pakhomo la galaja atatsamira ndodo yake.

Poyamba anayendetsa pang'onopang'ono. Kenako ubwana unawagwira. Anaponda moto, chigalimoto chinalumpha, mutu wanga unamenya mpando, mpanda wa kumapeto ukubwera mothamanga. Ndinakuwa kuti mayo, n'kuponda pansi ndi miyendo yonse ngati mabuleki ali kwanga. Iwo anaimika akuseka. Koma ine ndinali nditamva chinthu. Chidendene cha gogoda yanga ya kumanja chinali chitalowa pansi, ndipo polowa panamveka ngati munthu waponda chigoba cha dzira.

Choyamba kubwera m'mutu mwanga chinali choti ndaboola galimoto ya mzungu, atilipiritsa, ndipo nkhani ikafika kutchalitchi ine ndatha. Iwo akutembenuza galimoto, maso ali kumbuyo, ndinazula phazi pang'onopang'ono. Ndinawerama ngati ndikukonza lamba wa nsapato, n'kukweza m'mphepete mwa kapeti. Pansi pake panali pofiirira, pofumbutuka, ponyowa. Pabowo la chidendene changa ndinkaona konkire ikuyenda. Ndinadina pambali ndi chala, chala chinalowa. Kuntchito kwathu timadziwa kuti wodwala wogona nthawi yaitali amatha kuoneka bwino kumaso pamene kumsana kwadyeka kale. Ndinabwezera kapeti n'kuikapo phazi.

Titatsika ndinawakokera pambali. "Abambo, galimotoyi yaola pansi. Phazi langa lalowa."

Anagwedeza mutu mwachisoni, kuti mdala aone, n'kunena chapansipansi, "Eya, choncho. Pitirizani."

"Sindikuchita sewero. Pali bowo."

"Mukukhoza kwabasi." Kenako anatembenukira kwa mdala n'kumuuza m'Chingerezi kuti mayiwa sakufuna n'kumva komwe, akuti ndalamazo n'zambiri, ndiye kuti zitheke mtengo utsike ndithu.

Anayamba kunenerera. Anatchula matayala akale, mabuleki ofuna kusintha, kampopi kena kodontha, mapepala amene anatha. Chilichonse ankachipatsa mtengo wake n'kuchotsera. Mdala anatsika pang'ono. Ine ndinawagwira mkono. "Tamverani, chonde, tiyeni mukaone nokha pansi pa kapeti." Anandisasa dzanja n'kundikalipira monga tinapanganira, mokweza, kuti azimayi za galimoto sazidziwa. Mdala anachita manyazi m'malo mwanga, n'kutsikanso. Ndikalimbikira, mtengo unkatsika, ndipo mtengo ukatsika iwo ankandiyang'ana monyadira. Sindinayambe ndaopapo chotero. Ndinali ndikunena zoona ndi mawu omwewo amene anandituma kuti ndinamire, ndipo ndinalibe ena.

Panali kanthawi kamene ndinaganiza zongokhala chete. Si iwo makaniko? Agule, azikadziwa okha m'tsogolo. Akhala ndi chochita, aziimba mluzu, ana aziona bambo awo akubwera ndi manja akuda. Komanso mkazi wolangizidwa satsutsa mwamuna wake pamaso pa alendo, makamaka pantchito imene mwamunayo amadziwika nayo. Kwathu anatiuza zimenezo tisanalowe m'banja, ndipo ine ndinazisunga zaka zonsezi ngakhale ndili ndi pakamwa panga. Koma ndinaganizanso za tsiku limene adzakweze kapeti uja ali okha, ndalama zitapita, n'kukumbukira kuti ine ndinakhala pampando umenewo. Ndinaganiza za ana atakhala kumbuyo, galimoto ikuthamanga pamsewu waukulu.

Mdala anatchula six thousand. Amuna anga anapukuta dzanja pathalauza kuti apatsane chanza.

Ndinaponya jekete lawo paboneti, kutsekula chitseko, kugwira kapeti ndi manja awiri n'kukoka. Anang'ambika pang'ono, zidutswa za dzimbiri zinawazika pa diresi langa. Ndinalankhula m'Chingerezi, chilankhulo cha kuntchito, chimene sindinkachigwiritsa ntchito kwa amuna anga. Ndinati pepani nonse awiri, koma bwerani mudzaone.

Anabwera. Dzanja la amuna anga linali likadali m'mwamba pang'ono, kenako linatsika lokha. Anatenga sikuludiraiva yawo n'kugona chagada pakonkire yonyowa, malaya oyera a kutchalitchi ali pathupi, n'kudzikankhira kunsi. Ndinkangoona miyendo. Ndinamva akubaya phula lakuda lija, ndipo paliponse pamene ankabaya pankagwa zinthu, waa, waa, ngati dothi la chiswe likugwa kudenga. Anasunthira kumbuyo, kumene zitsulo zazikulu zimanyamula matayala. Kumenekonso kunagwa. Anakhalitsa kunsiko kuposa mmene ntchitoyo inkafunira, ndipo ndinadziwa kuti sakufuna kutuluka.

Mdala uja anakhala pansi pa kabokosi, ndodo ili pakati pa miyendo. Sankadziwa. Ndinaona pankhope pake kuti sankadziwa, poti chiuno chake chinali chitamuletsa kugwada kalekale. Anati ndi mchere. Nthawi yachisanu kuno amathira mchere m'misewu kuti isaterere, ndipo zaka zoyamba ankaiyendetsa chaka chonse. Mcherewo umakamira kunsi, phula lija limangoubisa, chinyezi cha m'galaja n'kumaliza ntchito. Ku Lilongwe galimoto imafa injini, imafa masipuling'i chifukwa cha maenje, imafa pangozi. Sindinamvepo kuti yaola ngati chinangwa. Amuna anga anayang'ana malo onse amene galimoto za kwathu zimafera, ndipo onsewo anali amoyo.

Atatuluka, tsitsi ndi nsidze zinali zofiirira. Sanandiyang'ane. Anafotokozera mdala uja mwaulemu, mosathamanga, kuti pansi ponse pafunika kudula n'kuwotcherera patsopano, kuti zitsulo zonyamula matayala akumbuyo zadyeka, kuti ntchito yotero imafuna malo, makina okwezera galimoto, ndi ndalama zoposa mtengo wa galimotoyo. Anati injini ndi yabwino kwambiri, asalole munthu kumunamiza. Anamuuza kuti akaigulitsa mmene ililimu asayembekeze kupitirira theka la zimene ankafuna, ndipo wogulayo akhale munthu amene ali ndi galaja yakeyake. Mawu akuti yakeyake anawatchula pang'onopang'ono.

Apa ndi pamene mantha anga anatembenuka. Ndalama zinali zitapulumuka, koma ndinayang'ana nkhope yawo n'kuona kuti yabwerera mwakale, ya munthu wa pampando wa pakanema uja. Ndinayandikira. "Abambo, nanga tikatenga pa three? Deposit idikire. Kuwotcherera mumakutha. Tipeza malo, tifunsa kutchalitchi, mwina wina ali ndi garage."

"Ndiwotcherera pati? Pa pavement ya landlord?"

"Tipanga rent malo. Ine nditenga ma shift ena."

"Ma shift ena," anabwereza. Ndiye anandiyang'ana koyamba. "Mayi, sewero latha. Musandigulire chidole."

Mdala ankatiyang'ana mosokonezeka, poti mkazi amene ankakana tsiku lonse ndi amene tsopano ankachonderera. Ndinamupepesa chifukwa cha kapeti ndi bowo, ndipo ndinafunsa ngati tilipire. Anapukusa mutu. Anati bola chidendene changa kusiyana ndi mwendo wa munthu pamsewu waukulu. Amuna anga anamuthandiza kubweza galimoto m'galaja, anatseka chitseko chake ndi manja awiri mosamala, n'kupukuta pamene zala zawo zinadetsa. Mdala anatiitanira tiyi. Tinakana mwaulemu, ngakhale kukhosi kwanga kunali gwaa.

Pobwerera anayendetsa ndi iwo, kagalimoto kathu kakang'ono kaja. Mvula yamawawa inayamba. Ine ndinkalankhula ngati wailesi, chifukwa ndikachita mantha pakamwa panga sipatseka. Ndinati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinati galimoto zotere zilipo zambiri, tipeza ina, ndipo ulendo uno tidziwa poyang'ana. Ndinati ngakhale mwiniwake sankadziwa, ndiye palibe chochititsa manyazi. Ndinati mdala uja anawalemekeza, ndinaona ndi maso anga. Zonsezo zinali zoona, koma zinkangogwera pansi.

Tinadutsa pafupi ndi zinyumba zosungira katundu zija, zazitali, zopanda mawindo. Sanatembenuze mutu. Patapita nthawi anati, "Zaka zonse zija ndakhala kunsi kwa galimoto. Lero ndagwada bondo limodzi."

"Munali mu suti."

"Ayi. Ndinkaifuna. Ndinkaopa kupeza chinthu. Ndipo ngakhale ndikanagona, sindikanadziwa kuti phula lija ndilibaye. Galimoto za kuno sindizidziwa, mayi. Dziko lino sindilidziwa kunsi kwake."

Ndinafuna kunena kuti aphunzira, kuti inenso nditafika ndinkasochera m'wodi, ndinkalira m'chimbudzi. Koma ine ndinali ndi wodi yoti ndisocheremo. Iwo analibe. Ndinagwira chikwama changa pamiyendo n'kuyang'ana mvula ikutsetsereka pagalasi. Ndinawerengera m'mutu zimene ndikanachita mwina: kuwanong'oneza bwino tili awiri m'galimoto muja, kuwakokera kuseri kwa galaja, kuwagwira dzanja n'kuliika pabowo mdala asakuona. Mwina akanatuluka ngati kuti apeza okha. Mwina sizikanasintha kanthu. Mpaka lero sindidziwa, ndipo amene amandiyamikira kutchalitchi kuti ndinapulumutsa ndalama za banja sindiwayankha.

Tikuyandikira potulukira ku Oldbury, anatsitsa liwiro n'kulankhula ndi mawu wamba, ngati akundituma mkate.

"Mnzanu uja wa ku Foleshill, amene mlamu wake amagulitsa ma ticket a ndege. Mumufunse mtengo wa December."

Ndinatembenukira kwa iwo. "Ana adzakhala atatsekera, eti? Tingapite tonse. Ndipempha leave."

"Ya munthu mmodzi."

"Yobwerera liti?"

Anayang'ana pagalasi la m'mbali, kudikira lole ina kuti idutse, n'kukhotera kunjira yathu. Ndinafunsanso kachiwiri, mwina sanamve chifukwa cha mvula. Anandiuza kuti ndiimbire amayi a m'kwaya aja kuti awaveke ana majekete, tatsala pang'ono kufika.